Kulamula kuwala kwa babu kuchokera pa kompyuta: mmene zimayendera, ndi pamene pali ngozi

Kuyatsa ndi kuzimitsa babu kuchokera pa kompyuta si nkhani yovuta. Pamangofunika kaswitchi kotsegulidwa ndi magetsi ochepa, kamene amisiri amati relay, ndipo mnyamata wokonda zamawaya akhoza kumaliza ntchitoyo dzuwa lisanapendeke. Zimavuta pamene mukufuna kuti babu liwale pang'ono chabe, kapena liyambe mofooka n'kumawonjezera mpaka lifike pachimake, kompyuta ndiyo ikulamula zonsezo. Apa ndi pamene anthu amawotcha zipangizo, ndipo ena amaika moyo wawo pachiswe.

Wina anena kuti zimenezi n'za m'tauni, ife akuchigwa zikutikhudza bwanji? Zikutikhudza. Mlimi wa nkhuku zoikira ku Ngabu kapena ku Nchalo amadziwa kuti nkhuku imaikira bwino ikamaona kuwala pafupifupi maola 16 pa tsiku, pamene dzuwa la kwathu limatipatsa maola pakati pa 11 ndi 13 okha malingana ndi nyengo. Maola otsalawo amachokera ku babu. Koma mukazimitsa babu mwadzidzidzi usiku, nkhuku zimadzidzimuka, zimathamangira pakona n'kuunjikana, ndipo ndi kutentha kwa mu Okutobala zapansizo zimabanika. Kuwala kukamachepa pang'onopang'ono kwa mphindi 20 kapena 30, ngati mmene kumadera kunja, zimayamba zokha kufunafuna pogona. Palinso holo ya tchalitchi pa tsiku la sewero, malo ogona alendo ku Bangula, ndi khonde limene mvula yoyamba ikagwa limadzaza ngumbi chifukwa babu likuwala mopitirira.

Chimene sichingakhale chifukwa chabwino ndi kupulumutsa mayunitsi. Babu la LED la mawati 9 likayaka maola 5 usiku uliwonse, yuniti imodzi imalikwanira mausiku oposa 20. Ngakhale mutachepetsa kuwala ndi theka, ndalama yopulumukayo singabweze msanga mtengo wa zipangizo. Amene akuchita izi azichita chifukwa akufuna kuwala koyenera pa nthawi yoyenera.

Tiyambe ndi magetsi enieniwo. Amene amafika pa soketi kuchokera ku ESCOM ndi a mavolti 230, koma sayenda molunjika mbali imodzi ngati a batire. Amapita, n'kubwerera, ka 50 pa sekondi iliyonse. Mphamvu yake imayambira pa ziro, imakwera mpaka pafupifupi mavolti 325, imatsikanso kufika pa ziro, kenako imachita chimodzimodzi mbali inayo. Nambala ya 230 ija ndi yongoyerekeza mphamvu imene funde lonselo limagwira ntchito. Ndiye kuti pa sekondi imodzi magetsi amadutsa pa ziro ka 100, ndipo kuchoka pa ziro wina kufika pa wina pamatenga mamilisekondi 10. Milisekondi ndi gawo limodzi mwa magawo 1000 a sekondi. Sungani nambala imeneyi ya 10, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo. Ndi makina opukusa magetsi pa mtsinje wa Shire, monga a ku Kapichira kuno ku Chikwawa ndi a ku Nkula ndi Tedzani kumtundaku, amene amasunga kayendedwe ka 50 pa sekondi kameneka.

Anthu ambiri amaganiza kuti kuchepetsa kuwala ndiye kuchepetsa mavolti. Kale m'nyumba zamasewero ankachitadi choncho, poika zitsulo zazikulu zokaniza magetsi panjira, koma mphamvu imene babu silinalandire inkangosanduka kutentha. Njira imene ili paliponse masiku ano inafika m'nyumba za anthu kudzera mwa Joel Spira wa ku New York, amene mu 1959 anapanga chochepetsera kuwala chaching'ono chokwana pakhoma pamalo a switchi, n'kuyambitsa kampani ya Lutron mu 1961. Njira yake sichepetsa mavolti. Imachepetsa nthawi. Zili ngati wothirira mzimbe amene sangathe kuchepetsa madzi a mu Shire, koma amatha kusankha kuti chitseko cha ngalande achitsegula kwa nthawi yaitali bwanji.

Chitseko chimenechi m'zamagetsi ndi kachipangizo ka miyendo itatu kotchedwa triac. Miyendo iwiri ndi njira ya magetsi opita ku babu, wachitatu ndi wolandira lamulo. Khalidwe lake ndi lachilendo: mukaigunda ndi timagetsi tochepa pa mwendo wachitatu uja imatseguka, ndipo simungaitsekenso. Imatseka yokha magetsi akatsika kufika pa ziro. Choncho m'mamilisekondi 10 aja, chinthu chimodzi chokha chimene mungasankhe ndi nthawi yodikira musanaitsegule. Mukatsegula funde likangoyamba, babu limalandira zonse. Mukachedwa, limalandira mbali yotsala yokha. Izi zimabwerezedwa ka 100 pa sekondi, mwachangu kwambiri moti diso limangoona kuwala kofooka kokhazikika.

Koma mphamvu sigawika mofanana m'mamilisekondi 10 amenewa. Koyambirira ndi kothera kwa funde mavolti amakhala ochepa, mphamvu yambiri ili pakati. Mukadikira mamilisekondi 2, babu la waya wotentha limataya magawo 5 okha mwa 100 a mphamvu, diso silingaone n'komwe. Mukadikira 5, limalandira theka ndendende. Mukadikira 6, latsika kale kufika pafupifupi magawo 30 mwa 100. Mukadikira 8, latsala ndi 5 okha. Onani kudumpha kwa pakatipo: milisekondi imodzi yokha yachotsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a mphamvu yonse.

Ichi ndi chifukwa chake kompyuta yeniyeniyo, kaya ya Windows kaya ya Linux, siyenera kupatsidwa ntchito yowerenga nthawi imeneyi. Kompyuta imagwira ntchito zambirimbiri nthawi imodzi, ikuyang'ana intaneti, ikusunga mafayilo, ikuseweretsa nyimbo, ndipo kuchedwa ndi milisekondi imodzi kapena ziwiri kwa iyo si kanthu. Kwa babu ndi kuphethira kopweteka m'maso. Ntchito yowerenga nthawi imapatsidwa kabolodi kakang'ono monga Arduino kapena ESP32, kakompyuta kochepa kwambiri kamene kalibe zina zochita. Kompyuta imangotumiza nambala kudzera pa waya wa USB kapena pa Wi-Fi, tinene 40, kutanthauza magawo 40 mwa 100. Kabolodi kamasandutsa nambalayo kukhala nthawi yodikira, n'kumaibwereza pa funde lililonse mpaka patabwera lamulo lina. Wolemba pulogalamu wanzeru sagawa nthawi mofanana kuchoka pa 0 kufika pa 100. Amapanga tebulo losonyeza kuti nambala yakuti ndi kudikira kwakuti, poganizira funde lija komanso diso la munthu, limene limazindikira msanga kusintha pamene kuli mdima kusiyana ndi pamene kwawala kale.

Tsopano tafika pamene ndikufuna kuti mumvetsere bwino, chifukwa apa sipofunika kuyesera mwayi. Kabolodi kayenera kudziwa nthawi imene magetsi adutsa pa ziro, komanso kayenera kugunda triac. Zonse ziwiri zili kumbali ya mavolti 230. Kabolodiko kali kumbali ya mavolti 5 kapena 3.3, ndipo kalumikizidwa ndi waya wa USB ku laputopu imene manja anu agwira. Pakati pa mbali ziwirizi pasadutse waya ngakhale mmodzi. Uthenga umawoloka ndi kuwala, kudzera m'kachipangizo kotchedwa optocoupler. M'kati mwa kabokosi kochepa kuposa chikhadabo muli kanyali mbali imodzi ndi kachipangizo komva kuwala mbali ina, pakati pali chotchinga chimene magetsi sangadutse. Kamodzi, monga H11AA1, kamauza bolodi kuti ziro wafika. Kena, monga MOC3021, kamanyamula lamulo kupita ku triac.

Pogula pamakhala msampha. Pali MOC3041, yofanana maonekedwe ndi MOC3021, miyendo isanu ndi umodzi chimodzimodzi. Koma iyo inapangidwa kuti izitsegula pa ziro pokha, ndiye imatha kuyatsa ndi kuzimitsa basi, kuchepetsa kuwala singathe. Wogulitsa ku Limbe akakuuzani kuti “tengani iyi achimwene, ndi chimodzimodzi,” werengani nambala yolembedwa pamsana pake musanapereke ndalama. Ma relay ambiri opanda zitsulo zoyenda, amene amalembedwa SSR, alinso a mtundu wotsegula pa ziro womwewu.

Pa intaneti mupeza zojambula zina zimene zimalumikiza bolodi mwachindunji ku waya wa neutral, ati poti neutral alibe mphamvu. Musakhulupirire. M'nyumba zambiri kuno mawaya anaikidwa ndi munthu wongodziwa pang'ono, live ndi neutral anasinthanitsidwa pena pake, ndipo waya wa earth anangothera m'khoma osafika pansi. M'nyumba yotero, chimene chojambula chikuti ziro ndi mavolti 230, ndipo adzayenda mu waya wa USB mpaka pa zitsulo za laputopu yanu. Munthu wa thukuta la mu Novembala, wopanda nsapato pa simenti, ndi njira yabwino kwambiri ya magetsi opita pansi. Palinso kachitsulo ka pamsana pa triac, pomangira chozizira. Pa BT136, imene imapezeka kwambiri, kachitsuloko kamakhala ndi magetsi, ndiye chozizira chonse chimene mwamangirirapo chimakhala cha moto. Pa zoyamba ndi BTA, monga BTA16, kachitsulo kanalekanitsidwa. Ngakhale zili choncho, zonse zikhale m'bokosi la pulasitiki lotseka, ndi fyuzi ku waya wa live, ndipo kulumikiza ku mawaya a nyumba achite ndi mmisiri wa zamagetsi wovomerezeka.

Zonse ndafotokozazi zimayenda bwinobwino pa babu lakale lija la waya wotentha, chifukwa waya wake sazizira msanga ndipo sasankha maonekedwe a funde. Koma mababu amenewo akusowa m'magolosale. Amene tili nawo ndi a LED, ndipo apa nkhani imasintha.

Mukatsegula babu la LED lotha ntchito, pansi pa chivindikiro choyera mupeza kambale kokhala ndi tinyali tachikasu, ndipo pansi pake kabolodi kena kokhala ndi kapasita, kachipangizo kosunga magetsi kwakanthawi kooneka ngati kamgolo. Ntchito ya kabolodi kameneka ndi kusandutsa magetsi a ESCOM kukhala oyenda mbali imodzi, ndi kusunga kuwala kukhale kofanana ngakhale mavolti atsike kapena akwere. N'chifukwa chake madzulo magetsi akafooka babu la LED limawalabe. Ndiye mukamalidulira funde, ilo limalimbana nanu. Limawalabe chimodzimodzi mpaka pena pake, kenako limayamba kuphethira, kulira ziii, n'kuzima. Pamwamba apo, triac ikatseguka pakati pa funde, mavolti mazanamazana amagwera pa kapasita uja mwadzidzidzi ka 100 pa sekondi, ndipo amafooka msanga. Vuto lachitatu ndi lakuti triac imafuna kuti padutse magetsi okwanira ndithu kuti ikhalebe yotseguka. Babu limodzi la mawati 7 kapena 9 nthawi zina silikoka okwanira, ndiye triac imatseka nthawi isanakwane.

Yankho loyamba ndi kugula babu lolembedwa pabokosi kuti dimmable. Ngati mawu amenewo palibe, litengeni kuti silichepetsedwa. Yankho lachiwiri ndi kudula funde kothera m'malo mwa koyambira: magetsi amayamba bwinobwino kuchokera pa ziro, n'kudulidwa pakati. Triac singathe zimenezi poti sitseka mwa lamulo, ndiye pamagwiritsidwa ntchito ma MOSFET, tizipangizo timene timatseguka ndi kutseka mwa lamulo. Njira imeneyi ndi yofatsa kwa LED ndipo sichita phokoso, koma kuimanga wekha n'kovutirapo. Mababu opindika aja osunga magetsi ndi machubu aatali akale, asiyeni. Firiji, tchaja, TV ndi pampu zisayandikire chochepetsera kuwala. Ngakhale fani, imene kuno ndi yofunika kuposa china chilichonse m'nyumba, imang'ung'uza n'kutentha ikalandira funde lodulidwa ndi chipangizo chopangidwira mababu.

Maganizo anga ndi akuti kwa ambiri a ife, kudula funde la mavolti 230 si njira yoyenera n'komwe. Ndi bwino kusiya magetsi akulu afike athunthu ku chipangizo chodyetsa LED, chimene amati driver, ndipo lamulo la kuwala lipite padera pa waya wa magetsi ochepa. Pali ma driver okhala ndi mawaya awiri owonjezera olembedwa 0–10V: mukapereka mavolti 10 kumawala kotheratu, mukatsitsa kumachepa. M'nyumba zikuluzikulu amagwiritsa ntchito DALI, pamene nyali iliyonse ili ndi nambala yake, mpaka 64 pa chingwe chimodzi. Pa siteji pali DMX512, imene inayamba mu 1986 ndipo imanyamula malamulo 512 pa chingwe chimodzi. A kwaya kapena a zisudzo amene ali ndi nyali za mitundumitundu zija, akaziyang'ana kumbuyo nthawi zambiri apeza soketi ya DMX ilipo kale, chongofunika ndi kachipangizo kochokera ku USB kupita ku DMX ndi pulogalamu yaulere monga QLC+.

Njira yosavuta kuposa zonse, makamaka pa khola la nkhuku, ndi nyali za LED za mavolti 12. Magetsi a ESCOM amathera pa adaputala yogula yotseka bwino, kapena mumatenga pa batire la sola. Kuchoka pamenepo bolodi limayatsa ndi kuzimitsa nyali mofulumira kwambiri kudzera pa MOSFET imodzi, njira yotchedwa PWM: nthawi yoyaka ikatalika kumawala, ikafupika kumachepa. Sipafunika kudikira ziro, ndipo palibe chogwira munthu. Chongosamala ndi kuti kuyatsa ndi kuzimitsako kukhale kofulumira ndithu, ka 1000 pa sekondi kapena kuposa, chifukwa diso la nkhuku limaona kuphethira kumene la munthu silikuona. Kuti muone ngati nyali ikuphethira, iyang'aneni kudzera pa kamera ya foni. Mukaona mizere yakuda ikuyenda pa skirini, ndiye ikuphethira.

Nanga mababu anzeru aja olamulidwa pa foni? Philips Hue inatuluka mu 2012, ndipo pano alipo otchipa ambiri a Wi-Fi ndi Zigbee, njira ina yolumikizira zipangizo popanda waya. Zonse zochepetsera kuwala zili m'kati mwa babu, inu mumangolipotokola pamalo pake. Kwa munthu wosafuna kugwira mawaya, iyi ndi njira yabwino. Koma ili ndi zovuta ziwiri zimene kuno zimaluma. Ambiri otchipawa amadutsira pa makina a kampani ali kunja kwa dziko, ndiye bandulo ikatha kapena netiweki ikagwa, babu la m'chipinda chomwe muli silikumvaninso. Sankhani amene amalamulika m'nyumba momwemo popanda intaneti, monga a Zigbee olumikizidwa ndi kachipangizo ka USB ndi pulogalamu ya Home Assistant. Chachiwiri, magetsi akazima n'kubwera pakati pa usiku, ambiri amayaka ndi kuwala konse, n'kudzutsa mwana. Ena amalola kusankha chochita magetsi akabwera, ndipo chimenecho n'chofunika kufunsa pogula.

Kuzima kwa magetsi kumatifikitsa pa zinthu zimene zojambula za ku Ulaya siziganizira. Namondwe Ana atawononga damu la Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya pafupifupi mamegawati 130, ndipo ambiri anathawira ku jenereta ndi inveta. Jenereta yaing'ono sisunga bwino 50 pa sekondi. Katundu akachuluka imachedwa, akachepa imathamanga, ndipo mamilisekondi 10 aja sakhalanso 10. Pulogalamu imene inangolemba 10 ngati nambala yosasintha idzaphethiritsa babu, kapena kugunda triac funde lina litayamba kale, babu n'kung'anima mwadzidzidzi. Pulogalamu yabwino imayeza yokha kutalika kwa funde lililonse n'kuwerengera kuchokera pamenepo. Inveta zotchipa ndiye zimatulutsa funde la masitepe lokhala kanthawi pa ziro, ndipo chochepetsera cha triac sichigwirizana nazo.

Kutentha nako. Triac imataya pafupifupi wati imodzi ngati kutentha pa ampeya iliyonse yodutsa. Zikuoneka zochepa, koma ziikeni m'bokosi lotseka pansi pa malata ku Nsanje, tsiku limene kunja kwadutsa madigiri 40. Chipangizo cholembedwa kuti chimanyamula mawati 300 musachisenzetse 300, chipatseni theka, ndipo bokosi likhale pamthunzi podutsa mphepo. Makapasita a m'mababu a LED nawo amafa msanga ndi kutentha, ndipo apa kuchepetsa kuwala kumathandizadi, chifukwa babu loyaka pa theka silitentha kwambiri. Bokosi limangidwe m'mwamba pakhoma, pamwamba pa pamene madzi anafika mu 2015 kapena nthawi ya Freddy mu 2023, ndipo timabowo topumira tikhale ndi kaukonde, apo ayi nyerere ndi nalimata adzalowa n'kulumikiza mbali ziwiri zimene optocoupler inalekanitsa. Nyengo ya ziphaliwali, kachipangizo kotchedwa varistor koikidwa pambuyo pa fyuzi kamameza kudumpha kwa mavolti kusanafike ku triac.

Chomaliza ndi funso limene mlimi wina wa nkhuku anafunsa mnyamata amene ankamuikira zimenezi: “Nanga iwe ukapita nayo laputopu yakoyo ku Blantyre, nkhuku zanga zigona mumdima?” Mnyamatayo anayankha bwino kuti, “Ayi bambo, kompyuta ingolemba ndondomeko, yosunga ndi bolodi.” Ndi mmene ziyenera kukhalira. Ndondomeko ya maola, yakuti kuwala kuyambe nthawi yakuti m'bandakucha ndi kuchepa nthawi yakuti usiku, isungidwe m'bolodi momwemo, mbali yosungira uthenga imene sifufutika magetsi akazima. Arduino payokha sidziwa nthawi, imangowerenga kuchokera pamene yayaka. Ndiye pafunika kawotchi kakang'ono monga DS3231, kokhala ndi kabatire kake kozungulira, kuti magetsi akazima madzulo n'kubwera 2 koloko usiku, bolodi lidziwe kuti ino ndi nthawi yogona nkhuku, lisayatse nyali ngati kwacha.